MUNDA UWU NDI WA YANI? UMWINI WA MALO NDI KUSAMALA NTHAKA

Nkhani yokambidwa kwa mafumu ndi alimi a madera a Nkhoma, Nathenje ndi Mitundu

 

Alangizi a zaulimi akhala akutiphunzitsa za kusamala nthaka kwa zaka zambiri. Muno mulibe munthu amene sanamvepo za akalozera, za udzu wa vetiva, za manyowa kapena za mtengo wa msangu. Nanga ndi chifukwa chiyani minda yambiri ikukokolokabe? Ena amati alimi ndi aulesi. Ena amati ndi umphawi. Umphawi ulipodi, koma pali chifukwa china chimene sitikonda kuchitchula pagulu popeza chimakhudza maukwati athu, abale athu ndi mafumu athu. Chifukwacho ndi ichi: munthu savutikira munda umene sakudziwa ngati chaka chamawa udzakhala uli m'manja mwake kapena m'manja mwa ana ake. Tiyeni tione bwino mfundo imeneyi.

NTHAKA IMENE TIKUTAYA

M'chaka cha 1992, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inawerengera kuti m'Malawi muno hekitala iliyonse imataya matani 20 a dothi pa chaka. Kafukufuku wina amene bungwe la FAO linachita pamodzi ndi boma anapeza kuti pofika 2014 chiwerengerochi chinali chitakwera kufika pa matani 29. Chimenechi ndi chiwerengero cha pakatikati cha dziko lonse. Malo athyathyathya amataya pang'ono, malo otsetsereka ngati m'munsi mwa phiri la Nkhoma amataya kwambiri.

Kuti timvetse, matani 29 ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Munthu atabwera usiku ndi ngolo kudzatapa matumba 580 a dothi m'munda mwanu, mudzi wonse ungadzuke. Koma mvula ikamachita zomwezo timangoyang'ana. Ndiponso limene limapita ndi dothi lakuda lapamwamba, limene lili ndi chonde. Limatsikira m'makwawa, n'kulowa mu Diamphwe ndi mu Linthipe, mpaka kukafika kunyanja ku Salima. Madzi akatayika saoleka, dothi nalonso likapita silibwerera.

Makolo athu munda ukaguga ankausiya tsala n'kukaswa mphanje pena. Ife sitingathe kutero. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Dziko silinakule. Munda umene agogo ankalima okha, lero agawana adzukulu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Tsono nthaka imene tili nayo ndi yomweyi, palibenso ina.

NTCHITO YOSAMALA NTHAKA IMALIPIRA MOCHEDWA

Feteleza mukathira lero, phindu lake mumaliona chaka chomwecho. Ntchito zosamala nthaka sizitero.

Kuika akalozera kumafuna kuyeza munda wonse, kuphwasula mizere yakale ndi kuunga ina yotsata akalozerawo. Ndi ntchito yothyola msana, ndipo chaka choyamba zokolola sizisintha kwenikweni. Vetiva amatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti agwirane ndi kuyamba kutchinga dothi. Mitengo ya gilisidiya imafunanso zaka zingapo isanayambe kupereka masamba okwanira kukwirira m'mizere. Manyowa mphamvu yake imapitirira mpaka zaka zotsatira. Msangu ndiye umafuna kupirira kwenikweni: wobzala lero adzaona chimanga chobiriwira pansi pake patapita zaka khumi kapena kuposerapo.

Motero aliyense wofuna kugwira ntchito zimenezi amayamba wadzifunsa mumtima kuti, "Kodi pamene phindu lidzabwera, ine ndidzakhala ndili pano?" Yankho likakhala lokayikitsa, khasu limalemera.

ANTHU AMENE MTIMA ULI M'MWAMBA

Lamulo la malo la 1965 linagawa malo a m'Malawi patatu: malo a boma, malo a eni ake okhala ndi mapepala monga maesiteti, ndi malo a mafumu. Ambiri mwa ife timalima pa malo a mafumu. Pa mwambo mfumu ndiyo imagawa malo, koma kuno kwathu mafumu ambiri alibenso malo ogawa. Minda ili m'manja mwa mabanja, ndipo munthu amaipeza kudzera kwa makolo, ku ukwati kapena pobwereka.

Mwambo umenewu uli ndi ubwino wake. Mayi wolima munda umene anamusiyira amayi ake, m'mudzi mwa kwao, palibe amene angamuchotse. Iye alibe pepala, koma mtima wake uli pansi. Amene ali pa vuto ndi anthu ena awa.

Woyamba ndi mkamwini. Pa chikamwini mwamuna amalima munda wa kwa mkazi wake. Ukwati ukatha, kapena mkazi akamwalira iye n'kusudzulidwa, amabwerera kwao ndi bulangete lake basi. Mitengo imene anabzala, milambala imene anaunga, zonse zimatsala. Eni mudzi nthawi zina amamukumbutsa kuti mlendo ndi mame. Ndipo akayamba kubzala mitengo m'malire, alamu ake amayamba kunong'onezana kuti, "Ameneyu akufuna atilande malo." Mkamwini wanzeru amangolima chimanga ndi fodya, ndipo ndalama akazipeza amakagula njinga kapena wailesi, zinthu zoti angathe kunyamula tsiku lochoka.

Wachiwiri ndi mtengwa. Masiku ano chitengwa chafala m'midzi yathu, ndipo pamenepo mlendo ndi mkazi. Iye ndi amene amakhala m'munda tsiku ndi tsiku, koma mwamuna akamwalira amauzidwa kuti abwerere kwao. Akafika kwao amapeza munda wake wakale akulima achemwali ake. Mwamuna wake nayenso, ngakhale ali pakwao, sagona tulo, pakuti pa mwambo wathu wa Chichewa munda umene akulima ndi wa mbumba ya amayi ake. Iye akadzatsamira mkono, ana a alongo ake akhoza kunena kuti ana ake kwao ndi kwa amayi awo. Kodi bambo wotere abzala msangu kuti adzadye ndani?

Wachitatu ndi wobwereka munda wa lendi. Kufupi ndi misika ya Mitundu ndi Nathenje, ndiponso m'mbali mwa msewu wa M1, kubwereketsa minda kwachuluka. Mwini munda kawirikawiri ndi munthu wosauka, nkhalamba kapena mayi wamasiye, amene alibe feteleza ndipo akufuna ndalama ya msanga nthawi ya njala. Wobwereka ndi munthu wa ndalama pang'ono, nthawi zina wochokera mumzinda wa Lilongwe. Amagwirizana pakamwa, chaka chimodzi chokha. Wobwerekayo amadziwa kuti akathira manyowa chimanga n'kuchita bwino, mwini munda adzaulanda chaka chamawa kuti adyerere manyowawo, kapena adzakweza mtengo. Tsono amangothira feteleza wokwanira chaka chimenecho, n'kukolola, n'kuchoka. Mwini munda naye salola kuti pabzalidwe mtengo kapena vetiva poopa kuti wobwereka angadzati mundawo anagula. Munda ukadutsa m'manja mwa anthu anayi pa zaka zinayi umabwerera kwa mwini wake uli mchenga ndi kaufiti.

Zimenezi anthu ophunzira anazifufuza. Frank Place ndi Keijiro Otsuka, polemba za Malawi mu 2001, anaonetsa kuti kumene mwamuna akukhala pa ukwati kumakhudza chidwi chake pa ntchito zotukula munda zimene phindu lake limachedwa. Mu 2016 Stefania Lovo, ataunika mabanja ambiri a m'dziko muno, anapeza kuti lendi ya nthawi yochepa, ndiponso miyambo ya chuma chamasiye yokondera mbali imodzi, zimachepetsa ntchito yosamala nthaka. Anapeza zimene ife timaziona ndi maso tikamayenda m'minda.

Ndisamveke ngati ndikunyoza chikamwini kapena chitengwa. Chikamwini chateteza amayi ambiri kuti asasowe polima. Chimene tiyenera kukonza ndi chakuti munthu wogwira khasu m'munda asamakhale wosadziwa za mawa lake.

MALO A TONSE

Palinso malo amene si a banja limodzi: phiri, dambo, msipu ndi njira. Tayang'anani midzi yathu nthawi ya chilimwe. Mapiri ambiri ndi ometedwa, koma mudzi uliwonse uli ndi kankhalango kamodzi kobiriwira. Kankhalango kameneko ndi manda. Mitengo ya kumanda ndi yomweyo imene inali paphiri, ndipo anthu ofuna nkhuni ndi omwewo. Kusiyana kwake ndi kwakuti kumanda aliyense amadziwa mwini ulamuliro, amadziwa lamulo, amadziwanso chimene chingamuchitikire akadula mtengo popanda chilolezo cha amfumu. Phiri limene aliyense amati ndi la tonse, mapeto ake silikhala la munthu.

Munda nawo umasanduka wa tonse tikangokolola. Mbuzi ndi ng'ombe zimalekereredwa, anyamata osaka mbewa amatentha mapesi. Mlimi amene anabzala nandolo kapena timitengo, kapena amene anaphimbira munda wake ndi mapesi, amapeza zonse zatha pofika Okutobala. Munthu wotere mundawo ndi wake miyezi isanu ndi umodzi yokha pa chaka.

Kagawidwe ka minda nakonso kamabweretsa mavuto. Pofuna kuti mwana aliyense alandire kumtunda ndi kumunsi komwe, timadula munda m'tizigawo tatitali totsetsereka. Malire amasanduka njira, njira imasanduka ngalande, ngalande imasanduka chigwembe. Madzi sadziwa malire. Wa kumtunda akapanda kuika akalozera, wa kumunsi ngakhale alimbike chotani madzi adzamuphwasulira mizere.

ZIMENE MBIRI IKUTIPHUNZITSA

Boma linayesapo njira ziwiri, ndipo zonse zili ndi phunziro.

Njira yoyamba inali yokakamiza. Kuyambira mu 1946 boma la atsamunda linaika malamulo okakamiza anthu kusiya matutu, kulima mizere yopingasa ndi kuunga milambala. Akuluakulu amakumbukira nthawi imeneyi ndi dzina loti malimidwe. Wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa m'ndende. Mizere yopingasa inali yabwino ndipo tikulimabe mpaka lero, koma anthu anadana ndi malimidwe kotero kuti chidanicho chinathandiza kukoleza moto wa ndale zofuna ufulu. Munthu womenyedwa pa munda wake womwe amayamba kuona ngati mundawo si wake.

Njira yachiwiri inali ya mapepala. Mu 1967 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo olola kulembetsa malo a mafumu, ndipo mu 1968 inayamba pulojekiti ya Lilongwe Land Development Programme ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Pulojekitiyi inalambula misewu, inakumba zitsime, ndipo makina anaunga milambala ndi kukumba ngalande m'minda. Kumadzulo kwa boma lino la Lilongwe malo anayezedwa ndi kulembedwa mwa njira ya ndunda, kutanthauza kuti malo a banja lonse ankalembedwa m'dzina la munthu mmodzi woimirira abale ake. Njirayi sinafalikire ku maboma ena. M'mabanja ena woimirira uja anayamba kudziona ngati mwini malo. Abale anapitiriza kugawana minda mwa mwambo popanda kukasintha m'kaundula, ndipo milambala yambiri imene makina anaunga sinasamalidwe popeza anthu ankaitcha ya boma. Phunziro lake ndi lakuti pepala limathandiza pokhapokha ngati likuteteza munthu weniweni amene akulima.

MALAMULO ATSOPANO A MALO

Komishoni imene Pulezidenti anaika mu 1996 kuti ifufuze nkhani za malo inapereka lipoti lake mu 1999. Mu 2002 boma linavomereza ndondomeko ya dziko yoyendetsera malo, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano. Limene likutikhudza kwambiri ndi lamulo la malo a mafumu, lotchedwa Customary Land Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 ndipo linakonzedwanso mu 2022.

Lamuloli limalola munthu, banja kapena gulu la anthu kulembetsa munda wawo ndi kulandira chiphaso. Mwamuna ndi mkazi akhoza kulembetsa pamodzi. Kwa gulupu aliyense kuyenera kukhala komiti ya malo, wapampando wake gulupuyo, ndi mamembala ena 6 osankhidwa ndi anthu, mwa iwo amayi osachepera 3. Milandu ya malo iyenera kuyambira ku bwalo la malo limene wapampando wake ndi mfumu yaikulu ya dera. Ntchito yolembetsa inayesedwa koyamba m'madera ena a maboma monga Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo sinafike m'midzi yonse.

Dziwaninso kuti Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 amapatsa amayi ufulu wokhala ndi chuma mofanana ndi abambo, ndipo lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu.

Tsiku limene oyeza malo adzafike m'mudzi mwanu, funso lalikulu lidzakhala lakuti: pa chiphaso palembedwe dzina la yani? Banja limene silinakambirane lidzakangana pamaso pa alendo, ndipo wamphamvu ndi wodziwa kulemba ndiye adzapambane. Kumbukirani za ndunda.

ZIMENE TINGACHITE OSADIKIRA BOMA

Choyamba, banja lililonse likhale pansi makolo akadali moyo. Eni mbumba, atsibweni ndi ankhoswe anene poyera kuti munda uwu ndi wa uje, ndipo iye akadzapita udzakhala wa ana awa. Zilembedwe m'buku la anyakwawa pamaso pa mboni. Ena amati kukamba zotere ndi kuitana imfa. Imfa imabwera ngakhale osaitana, ndipo mikangano ya pamaliro tonse taiona.

Chachiwiri, ankhoswe pomanga ukwati akambe za munda. Ngati mkamwini abzala mitengo, zimveke kuti mitengoyo ndi ya ana ake, ndipo ukwati ukatha iye ali ndi gawo pa mitengo imene anabzala. Ngati mkazi atengwa, zimveke kuti mwamuna akamwalira iye apitiriza kulima ndi kulera ana pamalopo ngati afuna. Inu abambo a chikamwini, kumbukirani kuti ngakhale mutachoka, amene adzadye za m'munda umenewo ndi ana anu.

Chachitatu, lendi ikhale ya zaka zitatu kapena kuposerapo, yolembedwa, amfumu n'kusainira. Pepalalo linene kuti munda ndi wa yani, zaka zingati, mtengo wake, ndiponso ntchito yosamala nthaka imene wobwereka agwire. Mwini munda akhoza kutsitsako mtengo ngati wobwereka aika akalozera ndi kuthira manyowa. Pepala lotere limateteza onse awiri. Mwini munda saopanso kulandidwa, wobwereka saopanso kuthamangitsidwa manyowa ake asanawadyerere.

Chachinayi, mafumu aike malamulo a m'mudzi pa ziweto ndi moto, ndipo chindapusa chake chidziwike. Lamulo ligwire aliyense, ngakhale mwini ng'ombe atakhala mbale wa amfumu. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola mudzi kupatula nkhalango yake ndi kusankha komiti yoiyang'anira. Zimene timachita kumanda tingathe kuchita kuphiri.

Chachisanu, akalozera aikidwe ndi anthu onse olima chitunda chimodzi, kuyambira kumtunda kutsikira kumunsi. Mutu umodzi susenza denga. Itanani alangizi ayeze minda yonse nthawi imodzi. Pogawira ana munda, dulani mopingasa ngati kungatheke, ndipo m'malire mubzale vetiva. Vetiva amatchinga dothi, sayenda yekha usiku, ndipo amathetsa milandu ya malire.

Chachisanu ndi chimodzi, komiti ya malo ikamasankhidwa pitani mukasankhe. Amayi, mipando itatu ija ndi yanu mwa lamulo. Sankhani amayi otha kulankhula pamaso pa abambo, osati ongodzaza mpando.

Kwa inu mafumu athu, ndi ulemu wonse, tikupempha chinthu chimodzi. Anthu a ndalama ochokera m'tauni akufuna malo kuno chifukwa tili pafupi ndi likulu la dziko. Mfumu imodzi ikagulitsa dambo kapena munda wa mayi wamasiye mwamseri, anthu a m'mudzi monse amayamba kukayika za minda yawo, ndipo wokayika sabzala mtengo. Mawu anu akakhala osasinthasintha, mwateteza nthaka ya mudzi wonse ngakhale musanagwire khasu.

Amayi ndi abambo, sukulu ya zaulimi ya Bunda ili pakhomo pathu pomwe, alangizi tili nawo, mbewu ya vetiva ndi ya mitengo imapezeka. Nzeru za kusamala nthaka sizikusowa. Mvula isanagwe chaka chino, banja lililonse liyankhe funso ili poyera: munda uwu ndi wa yani, ndipo mpaka liti? Likayankhidwa, akalozera sadzavuta.



MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. M'mudzi mwanu, ndi minda iti imene yakokoloka kwambiri? Amene akuilima anaipeza motani?

2. Kodi mkamwini kapena mtengwa amaloledwa kubzala mitengo kwanuko? Ukwati ukatha mitengoyo imakhala ya yani?

3. Minda ya lendi imabwerekedwa kwa nthawi yaitali bwanji? Ndi chiyani chingalepheretse kulemba mgwirizano wa zaka zitatu?

4. Ndi malamulo ati a ziweto ndi moto amene alipo m'mudzi mwanu? Ndani amaonetsetsa kuti akutsatidwa?

5. Oyeza malo atabwera mwezi wamawa, pa chiphaso cha munda umene mukulima mungalembetse maina a yani? Kodi abale anu akudziwa maganizo amenewa?